Mapazi Angati Kuchokera pa Khomo la Khitchini

Balaka,
Lachiwiri, 22 Okutobala.

Okondedwa mayi anga aang'ono, a Scholastica,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko ku Joni. Kodi bondo lija linasiya kutupa? Ulendo watha munandiuza kuti masitepe a kunyumba ya abwana anu ndi amene akulipweteka. Ndikhulupirira mukumwa mankhwala aja pa nthawi yake, osati pokhapokha ululu ukakula monga mumachitira.

Ife kuno tili bwino. Mkazi wanga Monica ali bwino, ana akupita kusukulu. Kwatentha kwambiri, ndipo madzulo mitambo yayamba kusonkhana cha kumapiri a Chikala. Amayi ku Mposa akudya, akuyenda ndi ndodo yawo, koma denga la nyumba yawo latsala pang'ono kugwa, monga mukudziwa.

Kalatayi ndailemba pamanja. Ndinayesa kawiri kukuimbirani, koma nditangomva mawu anu ndinayamba kukamba za mitengo ya feteleza. Ndaipatsira a Lukiya amene akukwera basi ya Lachinayi, ndiye ikupezani Loweruka.

Lolemba pa 28 amisiri akuyamba kukumba maziko a chipinda chatsopano cha amayi, kuseri kwa khitchini. Ndikufunika yankho lanu makasu asanalowe m'nthaka. Funso langa lili kumapeto, koma chonde musadumphe. Mukalimva lokha mudzaganiza kuti ndazungulira mutu.

Mumandifunsa kuti ntchito yanga ndi yotani, ine n'kumangoti ndi ya makompyuta. Lero ndifotokoze bwino. Bungwe lathu lili ndi sukulu ya pa intaneti yophunzitsa anthu kulemba mapulogalamu, kutanthauza kulemba malamulo oti kompyuta itsatire. Ophunzira ambiri alibe makompyuta awo. Amapita kumalo amene tinatsegula ku Liwonde, ku Ulongwe ndi ku Mposa, komwe kuli makompyuta ochepa oyendera sola.

Phunziro lililonse lili ndi ntchito zoyeserera. Wophunzira amawerenga malangizo, n'kulemba pulogalamu yake, n'kutumiza. Makina amayerekeza zimene zatuluka ndi yankho lomwe ife tinabisa. Zikafanana wakhoza, ndipo ntchito yotsatira imamutsegukira. Zikasiyana amakhala pomwepo. Pansi pali kabokosi komwe angalembemo dandaulo.

Ine ndimakonza malangizowo. Ndimawerenga madandaulo, ndimaona pomwe anthu akugwa, ndimalembanso mawu mpaka amveke. Lamulo langa kwa zaka zisanu ndi chimodzi lakhala limodzi: wophunzira akalephera, woyamba kumukayikira ndi amene analemba malangizo.

Zitsanzo zakale zinachokera kunja. Zinkakamba za masitima apansi pa nthaka ndi mayina amene munthu wa ku Mposa sangawatchule. Mu Ogasiti abwana anga, a Mike, anati tiikemo zinthu zakwathu. Mnzanga wa mu ofesi, Binti, anapeka mayina ake. Ine ndinaona kuti mayina opeka amamveka opeka, ndiye ndinatenga enieni. Ndinatenga athu.

Binti anandichenjeza moseka, ati ana a eni sawaika pa msika ngati tomato. Ndinamuyankha kuti eni ake ndine.

Ntchito ya nambala 12 ndinailemba motere, ndikukopera momwe ilili:

"Nawu mndandanda wa ana a mayi wina, motsatana ndi kubadwa kwawo: Elliam, Tamandani, Raymond, Chiyamiko. Lembani pulogalamu yoonetsa dzina la mwana woyamba."

Yankho lobisika linali dzina langa.

Pali chinthu chimodzi chimene chimagwetsa ophunzira pa ntchito yotere. Kompyuta siyamba kuwerenga pa 1, imayamba pa 0. Woyamba pa mndandanda amakhala pa malo a 0, wachiwiri pa 1. Ambiri ankaiwala, n'kutulutsa Tamandani, kenako n'kukonza. Zimenezi ndinkaziyembekezera.

Lachisanu pa 20 Sepitembala, nthawi ya 12:40 masana, kunabwera yankho lachilendo kuchokera ku Mposa, kwa wophunzira nambala 417. Iyeyu za 0 anazimvetsa bwinobwino. Pulogalamu yake inali yaukhondo kuposa ya ena onse. Koma anali atalembanso mndandanda wathu, ndipo kutsogolo kwa dzina langa anaikako malo opanda kanthu. Ine ndinasunthidwa kupita pa 1. Pulogalamuyo inatulutsa mzere wopanda chilembo, makina n'kukana.

Ndinadzikayikira ndekha monga mwa lamulo langa. Ndinaganiza kuti wasokonezeka, akufuna kuti woyamba akhale pa 1 monga timawerengera anthufe. Ndinawonjezera chiganizo chofotokoza za 0, ndi chitsanzo cha matumba atatu a chimanga.

Lachisanu lotsatira, pa 27, nthawi yomweyo, anatumizanso chimodzimodzi. Ndinawonjezera chiganizo china: "Musasinthe mndandanda, ugwiritseni ntchito momwe ulili." Ndinachilemba ndi zilembo zakuda kuti chioneke.

Pa 4 Okutobala anatumizanso, malo opanda kanthu aja ali pomwepo. Koma ulendo uno analemba m'kabokosi ka dandaulo. Mawu ake ndi awa:

"Malangizo ndawamva. Mwalemba kuti ana a mayiyo. Simunalembe kuti amoyo okha."

Amayi aang'ono, ndawerengapo madandaulo mazanamazana. Ena amatukwana, ena amapempha yankho, ena amangolemba kuti netiweki yavuta. Ili linali dandaulo labwino koposa onse amene ndinalandirapo, chifukwa linaloza pomwe mawu anga anali operewera. Chokonza chake chinali chapafupi: kuwonjezera liwu limodzi, "amoyo". Ndinalilemba. Chala changa chinakhala pamwamba pa batani losungira mpaka Binti anandifunsa ngati ndagona ndili maso. Ndinalifufuta.

Tonse anayi tili moyo. Moyo wanga wonse ndakhala mwana wachisamba wa amayi. Pa ukwati wa Tamandani ndinayankhula ngati wachisamba, pamaliro a abambo ndinakhala kutsogolo ngati wachisamba. Sindinamvepo za wina.

Ndinamuonetsa Binti. Iye anati ndi munthu wakumudzi kwathu amene akufuna kundiseweretsa, mwina mnzanga wakale wa ku pulayimale. Anati makina athu sadziwa pomwe munthu wakhala, amangoona kuti nambala 417 ndi ya ku Mposa, ndiye munthu angathe kulowa ndi foni ali ku Lilongwe. Zimenezi ndi zoona, ndipo ndikuzilemba kuti musaganize kuti ndabisa mbali yomveka ya nkhaniyi.

Komabe Lachisanu pa 11 ndinapempha tchuthi. Ndinakwera minibasi mpaka ku Liwonde, ina mpaka pa mphambano, kenako njinga yamoto. Kwa amayi sindinapite. Ndinalunjika kumalo athu ophunzirira, komwe amayang'anira ndi a Twalibu, bambo aja ankasoka zovala pa khonde la golosale.

Atandiona anaseka, ati a Elliam mwabwera kudzawerenga makompyuta ngati akwanira, monga mumawerengera mipando ya m'tchalitchi? Ndinawafunsa za 417. Anatulutsa buku la timapepala, pomwe wophunzira aliyense watsopano amang'ambiridwa kake kokhala ndi nambala ndi mawu achinsinsi olowera. Anatsegula, nanyowetsa chala, nayamba kufufuza. Anasiya kuseka. Kapepala ka 416 kanang'ambidwa, ka 418 kanang'ambidwa. Ka 417 kanali m'buku momwemo.

Iwo anati mwina masamba anamatana tsiku limenelo, ndipo mwina wina anajambula ndi foni iwo atatuluka. Kenako anati Wallahi, Lachisanu masana muno simukhala munthu, amazimitsa zonse n'kukhoma kuti apite ku swala, kukapemphera ku mzikiti. Anandiuza kuti ngati ndikufuna kulondera loko, ndilondere, iwo Mulungu akuwadikira.

Anazimitsa makompyuta onse anayi ndikuona. Anachotsa waya ku batire. Anakhoma chitseko, kiyi n'kuika m'thumba la mkanjo. Ine ndinakhala pa benchi pakhonde, foni m'manja.

Kunali zii. Msika unali utatha anthu, mbuzi zitagona pansi pa ngolo. Dzuwa linali pamutu, malata akungothetheka. Ndinkamva mawu a shehe patali kuchokera ku mzikiti. Ndinasuzumira pa windo kawiri. Makompyuta anali akuda, atafundidwa nsalu zawo.

Nthawi ya 12:40 foni inanjenjemera. Wophunzira 417 watumiza ntchito 12. M'kabokosi analemba kuti: "Ndadikira masabata atatu pa ntchito imodzi."

Sindinaone chilichonse, amayi aang'ono. Sindinamve mapazi, chitseko sichinagwedere. Ndinangokhala pa benchi mpaka a Twalibu anabwerera. Anandiyang'ana nkhope n'kundigulira madzi a m'pepala.

Tsopano ndiulule chimene ndinachita, chimene ngakhale Binti sakudziwa. Lolemba pa 14 ndinalowa m'makina oyerekeza mayankho, ndipo ndinawauza kuti pa ntchito 12 avomerenso mzere wopanda kanthu. Zimenezi n'zoletsedwa popanda chilolezo cha a Mike. Sindinachitepo chiyambire ntchito. Ndinadziuza kuti ndikufuna kungoona chomwe chichitike. Zoona zake n'zakuti mawu aja oti wadikira anandikhala pamtima, ngati ndatsekera munthu panja.

Lachisanu pa 18 anatumizanso. Makina anavomera. Ntchito 13 inamutsegukira.

Ntchito 13 ndi ya kamunthu kojambula kamene kamayenda pa mapu ogawidwa timabokosi. Wophunzira amalemba malamulo: pita patsogolo mabokosi akuti, tembenukira kumanja, pita patsogolo. Apanso ndinachita zomwe zija. Pofuna mapu akwathu, ndinatenga pulani yomwe ndinajambulira amisiri, ya pakhomo pa amayi. Ndinaiyeza ndekha mu Julaye, bokosi limodzi phazi limodzi. Pali nyumba, khitchini, nkhokwe, chimbudzi ndi njira ya kumjigo. Malangizo amati kamunthuko kachoke pa khomo la khitchini kakafike pa nkhokwe.

Patangopita mphindi zitatu, 417 anatumiza. Kamunthu kake sikanapite ku nkhokwe. Kanatuluka pa khomo la khitchini, kanazungulira kuseri, kanayenda, kanatembenuka kamodzi, kanayendanso pang'ono, kanaima pa bokosi lopanda chojambula chilichonse. M'kabokosi ka dandaulo simunalembedwe kanthu.

Loweruka m'mawa ndinapita kumudzi.

Ndinawapeza amayi pakhonde akusankha mtedza wa mbewu. Raymond anali atapita kukaona njerwa ku uvuni. Ndinakhala pansi, ndinawathandiza kusankha, tinakamba za mvula. Kenako ndinawafunsa ngati ine ndinalidi woyamba.

Manja awo anaima m'lichero. Sananene kuti iyayi, sananenenso kuti ndikufunsa zopusa. Anandifunsa kuti wakuuza ndani. Ndinati palibe. Anati ndiye amayi ako aang'ono aja ayamba kuyankhula ukalamba uno? Ndinalumbira kuti si inu.

Kenako anayankhula akuyang'ana mtedza. Anati zinachitika zaka ziwiri ine ndisanabadwe, m'mwezi wa Febuluwale. Anali wamkazi. Anabadwa miyezi itakwana koma sanalire. Anati mwana wotero ndi nthayo, sapatsidwa dzina, salira maliro ake, amuna sayandikira, ndipo mayi wake sapita kokamuika. Anati anauzidwa kuti asagwetse msozi ndipo asadzafunse, kuti ena adzabwere bwino.

Sindinafunse kuti linali tsiku lachingati pa sabata. Funsolo linafika pakamwa, ndinalimeza.

Anati chaka chimenecho mtsinje unadzaza, njira ya kumanda inaduka masiku atatu. Ndiye amayi atatu anamunyamula: agogo, mzamba uja a Biti Chande, ndi inu, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mutanyamula khasu. Anati dzenje lake silizama, amakumba lofika m'chigongono basi, chifukwa mukazamitsa mumatseka mimba ya mayiyo. Iwo anali chigonere m'nyumba. Chimene anaona pa kampata ka chitseko ndi nsalu zanu zikukhotera kuseri kwa khitchini. Malo enieni sakuwadziwa.

Agogo anapita. A Biti Chande anapita. Mwatsala inu.

Pamenepo ndinamvetsa chifukwa chake mbali yonse ija sitinkalimako. Tili ana ankatiuza kuti kuli njoka. Ndinamvetsanso za mu Julaye, pomwe ndinawaonetsa pulani ya chipinda. Anakana katatu, ati kuseri iyayi. Ine ndinawafotokozera za kutsetsereka kwa malo, za komwe madzi amadzera, za dzuwa la masana, ndinawajambulira ndi mivi. Pomaliza anangoti wophunzira ndiwe, chita zomwe waona. Ine ndinapita ku Balaka ndikusangalala kuti ndafotokoza momveka.

Ndinawapepesa. Anati wapepesa chiyani, sunadziwe. Kenako anandifunsanso kuti wakuuza ndani, ndipo ndinalephera kuwauza kuti mayina a ana awo ndinawaika poti aliyense awerenge.

Raymond atabwera ndinamutengera pambali n'kumuuza za mwanayo. Za kompyuta ndinangotchula pang'ono, ndipo ndinanong'oneza bondo. Anaseka mpaka kukhosomola, ati achimwene, tsopano mizimu yayamba kulipira bandulo ya intaneti? Koma za mwanayo sanaseke. Anavula chipewa, anakanda mutu, anati nkhani ndi yomvetsa chisoni koma mvula siimva chisoni.

Mfundo zake ndi zoona. Njerwa zapsa, amisiri ali ndi ntchito ina ku Liwonde kuyambira pakati pa Novembala, ndipo denga la amayi silipirira mvula ina. Kutsogolo kuli msewu, kumanzere chimbudzi, kumanja malire a eni. Malo ndi kuseri kokha. Anati angathe kusuntha zikhomo mapazi angapo uku kapena uku, koma sangasunthe pothawa chinthu chomwe sakudziwa pomwe chili, chifukwa mwina posunthapo ndiye n'kuchiponda. Anati akanena amayi aang'ono a Sikola ndi pakamwa pawo, ndizula zikhomo tsiku lomwelo, koma za katuni wa pa foni yako iyayi.

Cha m'ma 2 koloko Raymond anabwerera ku uvuni. Amayi anali atatsamira khoma, ndinkaganiza kuti akuwodzera. Ndinapita pa khomo la khitchini ndi foni yanga. Ndinaima momwe kamunthu kaja kanaimira. Ndinayenda monga mwa malamulo a 417, ndikuwerenga chamumtima, phazi lililonse lofanana ndi linzake monga ndinayezera mu Julaye.

Ndinadumpha chingwe cha amisiri. Ndinatembenuka pomwe anati nditembenuke. Pomwe mapazi anathera ndinali m'kati mwa zingwe, pafupi ndi ngodya imodzi, pamzere weniweni pomwe ngalande ya maziko idzadutse.

Panalibe chizindikiro. Panalibe mwala, panalibe chitunda kapena kulowa pansi. Dothi louma, timaudzu, nyerere. Ndinaima pamenepo mwina mphindi imodzi.

Kenako ndinamva amayi kumbuyo kwanga. Anali atafika pa ngodya ya khitchini, opanda ndodo, atagwira khoma. Anati chapansipansi, Elliam, usaime pamenepo. Ndinachoka. Ndinawafunsa ngati ndi pamenepo. Anati sakudziwa, anandiuza kale kuti sakudziwa, angoona kuti sizinawakomere kundiona nditaima potero. Ndinawagwira mkono kubwerera nawo pakhonde.

Dzulo ku ofesi ndachotsa mayina athu pa ntchito 12 ndi mapu athu pa ntchito 13. Ndaikamo mayina opeka a Binti. Ntchito 14 ndaitseka kaye, ndauza a Mike kuti malangizo ake akufunika kukonza. Imapempha wophunzira kuti alembe dzina lake kuti kompyuta imupatse moni. Ndayesa kuilembanso kanayi ndipo sindikupeza mawu amene angakhale achilungamo kwa aliyense amene angaifike. Lachisanu likubwerali lidutsa kalatayi ili m'basi. Ndaganiza zoti foni ndidzaisiye m'kabati, koma ndikudzidziwa.

Mwina Binti akunena zoona. Mwina a Biti Chande anauzako mwana wawo, mwanayo n'kuuza wake, ndipo pali mdzukulu wina wanzeru amene wapeza njira yondiuza zomwe akuluakulu sakanatha kunena. Ngati zili choncho, ndikumuthokoza, ngakhale wandisautsa mwezi wathunthu. Ndinafika mpaka poganiza kuti ndi inu, kenako ndinakumbukira kuti uthenga wa pa foni mumachita kulembetsa kwa mwana wa abwana anu.

Koma sindingauze amisiri kuti asunthe maziko chifukwa cha munthu amene sindikumudziwa. Ngati akunama, kapena ngati analakwitsa ndi mapazi awiri, ndidzasuntha ngalande kuichotsa pabwino n'kuiika pa mlongo wanga. Dzenje lofika m'chigongono, amayi aang'ono. Khasu loyamba lomwe.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ndikudziwa munalangizidwa kuti musadzanene, ndipo mwasunga zaka makumi anayi. Sindikukupemphani kuti mundiuze momwe zinalili kapena zomwe munaona. Ndikupempha malo okha.

Chonde musandiuze kuti cha kuseri, kapena pafupi ndi pomwe panali mtengo uja. Mitengo inadulidwa. Khalani pansi Loweruka madzulo, mutseke maso, muyambire pa khomo la khitchini. Amayi akuti khitchini ya pano inamangidwa pamalo enieni pa yakale ndipo khomo lili pomwe linali, koma ngati inu mukukumbukira mosiyana mundiuze. Munatuluka mutayang'ana kuti? Munazungulira mbali ya kumanja kapena ya kumanzere? Munayenda mapazi angati musanakhote, ndipo mutakhota angati? Ndikudziwa kuti mapazi a mtsikana wonyamula khasu m'matope si ofanana ndi anga. Mungondiuza anu, kusiyanako ndiwerengera ndekha. Ngati pena mwaiwala, nenani kuti apa ndaiwala, musadzazepo ndi zongoganiza pofuna kundikhazika mtima pansi.

Mwaona kuti manambala a 417 sindinawalembe muno, ngakhale ngodya yomwe ndinaima sindinaitchule. Ndachita dala. Ndikanawalemba, mukanawerenga n'kuona ngati mukuwakumbukira. Ndawalemba pa kapepala, ndamata mu envelopu, ndapatsa Monica kuti asunge. Mukaimba Lamulungu, ndidzalemba anu kaye, Raymond ali pomwepo akumva, kenako Monica adzatsegula.

Zikasiyana, tidzatsata anu, ndipo ndidzadziwa kuti wina amangondiseweretsa. Zikafanana, tidzasuntha zikhomo ndi mtima umodzi, ndipo amayi adzalowa m'chipinda chawo podziwa mbali yoti asathireko madzi otsukira mbale. Kwa mwanayo zonse ziwiri ndi zabwino. Kwa ine sindikudziwa kuti ndipempherere ziti.

Mudzaimbe tikatuluka Misa yachiwiri. Tidzakhala tonse ku Mposa, ndipo netiweki imagwira bwino pa njira ya kumjigo, ndiye ndidzakhala nditaima pamenepo kuyambira 11 koloko. Ikadzalephera kulowa, yesaninso, musatope.

Mundiperekere moni kwa a Sharifu ndi akazi awo amene amakusungirani makalata, ndi kwa Tikondane ngati amabwerabe kudzakuonani. Monica ndi ana akupereka moni. Amayi sakudziwa kuti ndalemba, koma nditanyamuka Loweruka anandiuza kuti ukamayankhula ndi amayi ako aang'ono uwauze kuti sindidzawakwiyira.

Ambuye akusungeni, akupatseni mphamvu m'bondomo, ndipo akukumbutseni bwino njira ija.

Ndine mwana wanu,
Elliam,
wachiwiri wa achemwali anu.